Denga likamakhomedwa, foni isagone m'thumba

Mutatsegula foni ya mnyamata kapena mtsikana wa masiku ano mupezamo chiyani? Zithunzi za pa ukwati wa mnzake, mbale ya chambo ya ku Senga Bay, nsapato zimene akuzisirira, ndi nkhope yake yomweyo kambirimbiri. Koma mufunseni amene anamangitsa nyumba chaka chatha kuti akuonetseni chithunzi cha denga lake malata asanakhomedwe, angokuyang'anani ngati mwamufunsa za kumwezi. Inenso ndinali wotero, ndipo zinatsala pang'ono kundidanitsa ndi achimwene anga a bere limodzi.

Kwathu ndi ku Kuti, m'boma la Salima, kufupi ndi malo osungirako nyama aja amene alendo amabwera kudzaonako mbidzi. Amayi akhala m'nyumba yaudzu moyo wawo wonse. Chaka ndi chaka inali ntchito yomweta udzu, kugula pepala la pulasitiki, kufunafuna wofolera, koma mvula ikalimba mabeseni ankayalidwabe pabalaza. Mu 2022 achimwene anga aakulu, amene amagwira ntchito ku Joni, anati zimenezi zithe, amayi agone m'nyumba yamalata. Tinagawana ntchito: iwo azitumiza ndalama, ine ndiziyang'anira, popeza ndimakhala ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 basi.

Njerwa tinaumba n'kuotcha chaka chomwecho. Khoma linakwera pang'onopang'ono monga mmene ndalama zinkabwerera, ndipo pofika Seputembala 2023 nyumba inali itangotsala denga. Loweruka lina ndinakwera minibasi, ndinagula malata, matabwa ndi misomali pa Salima boma, ndinapereka theka la ndalama kwa kalipentala, Lamulungu madzulo n'kubwerera ku Lilongwe. Ntchito yonse inagwiridwa pakati pa sabata ine kulibe. Loweruka lotsatira ndinapeza nyumba ikung'anima. Ndinawaimika amayi pakhomo, chitenje chatsopano, ndinajambula chithunzi chimodzi n'kutumiza ku Joni. Achimwene anayankha ndi timitima tambirimbiri. Chithunzi cha denga chimene ndinali nacho chinali chomwecho.

Usiku umene denga linapita

Anthu a kunyanja mphepo amaidziwa. Miyezi yozizira kumaomba mwera mpaka asodzi kumangirira mabwato, koma imene imasasula madenga kawirikawiri ndi mphepo yamkuntho yobwera ndi mvula zoyamba. Mu Disembala chaka chomwecho, cha m'ma 7 koloko usiku, foni inalira.

"Mwanawe, denga lapita."

"Lapita kuti, amayi?"

"Lili m'munda mwa aneba."

Theka la denga linanyamuka lathunthu, malata ndi matabwa ake omwe, n'kukagwera pa chimanga chimene chinali chitangomera. Mwamwayi amayi ndi adzukulu anali kukhitchini, palibe anavulala. Koma ufa, zofunda, matumba awiri a fetereza ndi makope a ana zonse zinanyowa. Malisiti a malata, amene ndinawasiyira amayi kuti asunge m'kabati, anasanduka phala.

M'mawa mwake achimwene anaimba. Sanakuwe, ndipo bola akanakuwa.

"Iwe, ndalama zonse zija unagula chiyani? Nyumba ya miyezi itatu denga n'kuuluka ngati chipewa? Malata unagula angati? A geji yanji?"

Ndinayankha zonse, koma ndinkadzimva ndekha kuti mawu anga alibe pogwira. Munthu ali kutali, amadzuka mbandakucha m'dziko la eni, amadzimana kuti atumize kwawo, ndipo nkhani za abale odya ndalama za nyumba wazimva zambiri kwa anzake. Liwu loti wakuba sanalitchule, koma linamveka. Nditapita kwa kalipentala, iye anatambasula manja: "Bwana, mphepo ndi ya Mulungu. Kodi ndi nyumba yanu yokha yasasuka?" Zinali zoona kuti si yathu yokha. Koma zinalinso zoona kuti nyumba zina zamalata zoyandikana nafe sizinagwedezeke n'komwe.

Kwa sabata ziwiri achimwene sankayankha mauthenga anga. Amayi, amene anali atabwerera m'nyumba yaudzu ija, ankangoti, "Ana inu, mudane chifukwa cha malata?"

Mboni inatulukira kumene sitinkayembekezera

Amene anatipulumutsa ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Fomu 2. Masiku amene amisiri anali padenga, iye ankabwereka foni ya mayi ake n'kumadzijambula kutsogolo kwa nyumba ya agogo kuti aike pa status. Tsiku lina akumva tikudandaula anati, "Amalume, si ndili nazo zithunzi za tsiku lija?"

Zinalipo zisanu. Kutsogolo kunali iye, milomo atapinda monga amachitira anawa, koma ife tinkayang'ana zakumbuyo. Pa chimodzi pankaoneka mulu wa malata pansi pa mtengo wa mango, ndipo pa lata lapamwamba panali zimene a kusitolo analemba ndi cholembera chakuda: dzina langa, chiwerengero cha malata ndi geji 28. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Chithunzi china chinaonetsa mitanda itakwera kale. Titachikuza ndi zala, tinaona thabwa logona pamwamba pa khoma litangokhomeredwa ndi misomali m'njerwa. Waya womangirira denga kukhoma panalibe ndi mmodzi yemwe.

Nkhani inapita kwa amfumu. Kalipentala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati, "Zoona, waya munalibe. Womanga khoma sanasiye waya. Koma ine ndinawaimbira abwanawa kuwauza, iwo anati ingokhomani, mvula yayandikira."

Bwalo lonse linandiyang'ana. Ndinakumbukira. Ndinali pantchito, foni ili pakhutu, maganizo ali kwina, ndipo mawu amenewo ndinanenadi. Chithunzi chimene chinanditsuka pa mlandu wakuba chinandigwira pa mlandu wa phuma. Amfumu anagamula kuti kalipentala akhomenso denga popanda malipiro chifukwa mmisiri weniweni sakhoma chinthu chimene akudziwa kuti chiuluka, womanga khoma abwere adzaike waya pa theka la mtengo, ndipo zipangizo zoonongeka ndigule ine. Zinandiwawa, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo lata limene ndinagula mu Seputembala silinalinso pa mtengo uja. Koma usiku womwewo ndinatumiza zithunzi zisanu zija ku Joni pamodzi ndi chigamulo, osabisa mbali yanga. Achimwene anaimba. "Wapusa," anatero, "koma sunabe. Nditumiza ya matabwa."

Chifukwa chake denga ndi losiyana ndi zina

Khoma likapendekeka aliyense amaona. Pulasitala akang'ambika mumaona. Koma mphamvu ya denga ili m'zinthu zimene zimabisika ntchito ikangotha. Malata akakhomedwa, siling'i n'kutsekedwa, palibenso angakuuzeni kuti matabwa anatalikirana bwanji, anapakidwa mankhwala a chiswe kapena ayi, kaya waya anamangidwa. Mpata woona zimenezi ndi wa masiku awiri kapena atatu okha pa moyo wonse wa nyumbayo.

Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga. Imatero pang'ono, koma ntchito yake yaikulu ndi kulinyamula. Ikamathamanga pamwamba pa malata imawayamwira m'mwamba, ndipo ikalowa m'nyumba kudzera pazenera kapena pansi pa khonde imawakankha kuchokera m'kati. Imayambira m'makona ndi m'mphepete. Ngati misomali ili yochepa, malata amayamba kusendeka limodzilimodzi. Ngati misomali yagwira bwino koma mitanda sinamangidwe kukhoma, denga limanyamuka lonse ngati lathu lija. N'chifukwa chake mukamayenda m'midzi ya kunyanja mumaona miyala, njerwa ndi matayala zitasanjikidwa pa malata. Eni ake akuyesa kuchita ndi kulemera zimene waya akanachita mosavuta, ndipo tsiku la mkuntho miyala yomweyo imatha kugwera anthu.

Dziko lathu laona zokwanira pa zaka zochepa zapitazi: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Anamondwe amenewa anasakaza kwambiri kum'mwera, koma mkuntho wa theka la ola wa mu Novembala kapena Disembala susankha chigawo.

Zoti mujambule, motsata ndondomeko

Pokhomanso denga la amayi ndinatenga tchuthi cha masiku atatu, ndipo izi ndi zimene ndinajambula. Mungathe kuwonjezera, koma musachepetse.

Yambani ndi katundu asanakwere. Jambulani mulu wa malata, chidindo kapena kapepala ka fakitale ngati kalipo, ndi paliponse pamene palembedwa geji. Kumbukirani kuti nambala ikachepa lata limakhala lochindikala: la 28 ndi lolimba kuposa la 30, la 30 kuposa la 32. Pa maso onse amang'anima mofanana, ndipo akakwera padenga simungawasiyanitse muli pansi. Jambulaninso matabwa, mapaketi a misomali, chitini cha mankhwala a chiswe, ndi lisiti tsiku lomwelo. Malisiti osindikizidwa pa timakina tija amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka ndi kutentha kwa ku Salima. Ngati mwalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, tengani screenshot ya uthengawo usanasowe pakati pa mauthenga a mabandulo.

Chachiwiri, pamwamba pa khoma thabwa lisanagonekedwe. Apa ndi pamene panatigwetsa ife. Payenera kuoneka waya wokhuthala kapena timalamba tachitsulo totuluka mu ring beam, kapena tozikidwa mizere ingapo ya njerwa kutsika m'munsi. Jambulani khoma lililonse, kenako mujambulenso wayayo atazengedwa pa mitanda.

Chachitatu, mafupa a denga onse ali poyera. Imani patali mujambule mbali zonse zinayi, kenako lowani m'kati mujambule molozetsa kumwamba chipinda ndi chipinda. Pa malo olumikizira matabwa yandikirani. Muikepo tepi yoyezera, kapena bokosi la machesi ngati tepi palibe, kuti woona adziwe kukula kwa thabwa ndi mpata wa pakati pa mapaso. Thabwa lopakidwa mankhwala limasintha mtundu, ndiye chithunzi chidzanena chokha ngati linapakidwa lonse kapena mbali yoonekera kumsewu yokha.

Chachinayi, malata akamakhomedwa. Pa malata wamba a mizere msomali umakhomedwa pamwamba pa mzere, osati m'ngalande mmene mumayenda madzi. M'mbali malata ayenera kupitirirana mzere umodzi ndi theka, ndipo pamene lapamwamba lagonera lam'munsi papitirire masentimita osachepera 15. M'mphepete mwa denga ndi pamsonga misomali ikhale yothithikana kuposa pakati. Zimenezi musakwere nokha kukajambula. Mpatseni mmisiri kapena womuthandiza foni ajambule ali komweko, inu muli pansi. Chithunzi sichiposa mwendo wanu.

Chomaliza, ntchito itatha: kunja mbali zonse, m'kati siling'i isanatsekedwe, ndipo ngati mawaya a magetsi adutsa m'denga, ajambuleni nawonso. Mvula yoyamba ikagwa lowani ndi tochi, muone ngati pali podontha, mujambule tsiku lomwelo.

Inu amene muli ku Joni, ku Cape Town kapena kulikonse kumene mukutumizira ndalama, gwirizanani ndi woyang'anira ntchito isanayambe kuti ndalama za gawo lotsatira zizituluka zithunzi za gawo lapitalo zikafika. Zimenezi zimateteza onse awiri. Ine ndikanakhala ndi lamulo limeneli, sabata ziwiri zija sizikanakhalapo.

Nanga mmisiri akakwiya?

Ena amaopa kuti kujambula ndi kunyoza mmisiri, ngati kumuuza kuti sitikukukhulupirira. Zimadalira kanenedwe. Musamutulukire ndi foni kumaso ngati wapolisi. Muuzeni pa tsiku logwirizana mtengo kuti, "Bambo, ine ndizijambula gawo lililonse kuti abale amene ali kutali aziona, komanso kuti tidzakumbukire mmene munapangira." Mmisiri wodziwa ntchito yake sakana. Kalipentala wathu uja, ulendo wachiwiriwu, ndi amene ankandiitana: "Abwana, bwerani mujambule apa ndisanatseke." Atamaliza anandipempha kuti ndimutumizire zithunzizo, ndipo pano amaonetsa anthu ofuna kumulemba ntchito.

Komanso chithunzi chimamuteteza iyeyo. Eni nyumba ambiri ndife amene timadula ngodya: timagula malata opyapyala, timachepetsa matabwa, timakana kugula waya, kenako denga likasasuka timathamangira kutukwana mmisiri. Ngati iye wakuchenjezani, mulemberane uthenga pafoni, zisathere pakamwa. Mawu a pakamwa amauluka msanga kuposa malata.

Kumene zithunzizi zimakagwira ntchito

Bwalo la amfumu ndi malo amodzi chabe. Ngati mwagulitsidwa malata osagwirizana ndi zimene zinalembedwa pa lisiti, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula, ndi la Malawi Bureau of Standards limene limaona za miyezo ya katundu. Kulikonse kumeneko, ngakhale kukhoti la majisitireti, funso loyamba ndi lakuti umboni uli kuti. Ngati nyumba yanu ili pa inshulansi, kampaniyo idzafuna kudziwa mmene denga linalili ngozi isanachitike. Mphepo ikasakaza mudzi, makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amalemba nyumba zoonongeka n'kupereka kukhonsolo, uthenga n'kukafika ku DoDMA. Chithunzi sichikulonjezani thandizo, koma chimathandiza kuti zimene zalembedwa za nyumba yanu zikhale zoona.

Palinso ntchito zina zopanda mkangano. Pakatha zaka zisanu mudzafuna kuika sola padenga, ndipo woikayo adzafunsa kuti mapaso adutsa pati. Padzadontha pakona ina, ndipo m'malo mong'amba siling'i yonse mudzayang'ana pachithunzi n'kudziwa pamene malata analumikizana. Mudzafuna kuwonjezera chipinda, mmisiri wina adzafuna kudziwa kukula kwa matabwa akale. Mwina mudzagulitsa nyumbayo, ndipo wogula amene waona mafupa a denga ndi maso ake sanenerera mtengo ngati amene akungomva kuti "ndi lolimba, musadandaule."

Kusunga ndiye nkhani

Kujambula n'kosavuta, chovuta ndi kuzipeza pakapita zaka zitatu. Mafoni athu amabedwa m'minibasi, amagwera m'madzi, amagulitsidwa sukulu fizi ikavuta. Zithunzi zisanu za mwana uja zinapulumuka mwangozi, chifukwa mayi ake anali atatsala pang'ono kufufuta zonse kuti apeze malo.

Dziwaninso kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa, moti mukachikuza tinthu tating'ono monga msomali kapena nambala ya geji timasanduka chifunga, ndipo tsiku limene chinajambulidwa silipita nacho. Mukafuna chifike chathunthu, chitumizeni ngati Document. Zidya bandulo yambiri pang'ono, koma ndi ndalama zingati poyerekeza ndi lata limodzi?

Ine ndimasunga malo atatu. Poyamba pa Google Photos, pamene aliyense wokhala ndi adiresi ya Gmail ali ndi malo aulere okwana 15 GB, ndipo ndinapanga album yakeyake yolembedwa dzina la nyumba ndi chaka. Kachiwiri kwa achimwene ku Joni, kuti foni yanga ikatayika iwo akhale nazo. Kachitatu ndinatsukitsa zithunzi 12 zofunika kwambiri pa situdiyo ina pa Salima boma, ndinalemba tsiku kuseri kwa chilichonse, ndinaziika m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi malisiti. Pepalalo silikhala m'nyumba ya amayi. Limakhala kwa achemwali, chifukwa taphunzira kuti umboni wa denga susungidwa pansi pa denga lomwelo.

Chenjezo limodzi: zimenezi si za pa Facebook. Mulu wa malata atsopano pabwalo, lisiti yokhala ndi nambala yanu ya foni, ndi chithunzi choonetsa mmene zipinda zakhalira, mukaziika poyera mwaitana alendo a usiku. Ikani chithunzi cha amayi ali pakhomo ngati mukufuna timitima. Zinazo sungani.

Mu Disembala 2024, namondwe wa Chido atadutsa m'dziko muno, ndinagona foni ili m'manja. Amayi anaimba m'mawa, ndipo mtima unagunda ndisanayankhe. Ankafuna kundiuza kuti nthambi ya mango uja yathyoka, ndipeze mnyamata adzaidule. Za denga sanatchule n'komwe. Achimwene atabwera pa Khirisimasi tinakhala pakhonde, ndinawapatsa foni, anayang'ana zithunzi zonse chimodzichimodzi, waya, mitanda, misomali, ngati akuona ana awo. Atamaliza anati chaka chamawa timange khitchini, ndipo woyang'anira ndi ine ndemwe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati kwanu kukukhomedwa denga chilimwe chino, kaya ndi lanu, la makolo kapena la agogo, tchajani foni, fufutani mavidiyo osafunika aja mupeze malo, ndipo mukafike amisiri asanakwere. Tikumanenso sabata yamawa.